Ndodo Imene Inakana Kusololoka

Mwana wa mlongo wathu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera kudzacheza pa Khirisimasi atanyamula makina ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi. Masiku onse a tchuthi chake anali kuyendayenda nawo m'dambo, napeza misomali, makasu akutha ndi matambala angapo akale. Pobwerera anafupikitsa ndodo yake, naika zonse m'thumba, nati, "Malume, mundisungire, ndipo mukawafuna muwagwiritse ntchito." Sitinaganize kuti tsiku lowafuna lidzafika.

Nthaŵi yokolola itayandikira, panabuka mkangano wa malire pakati pa sukulu imene timaphunzitsapo ndi mayi wina wamasiye amene munda wake unagundana ndi bwalo lathu la mpira. Mayiyo anati bwalo ladya mizere yake. Ife aphunzitsi tinati iye ndiye akulima m'bwalo. Okalamba anakumbukira kuti oyeza malo anakhomera zikhomo zachitsulo m'ngodya, koma dothi linazikwirira kalekale. Amfumu anaika Loŵeruka kuti nkhaniyo ikambidwe, ndipo ife tinalonjeza pamaso pa anthu kuti tidzafika ndi makina.

Lachinayi madzulo tinawatulutsa m'thumba. Ndodo ya makina otere ndi mapaipi atatu oloŵana monga eriyo ya wailesi, ndipo polumikizana paliponse pali mphete yomangira ndi kabatani koloŵa m'chiboo. Kumwamba kuli kabokosi ka mabatire, kunsi kuli mbale imene imamva chitsulo, ndipo waya amazungulira ndodo kuchokera kumbale kufika kukabokosi. Tinamasula mphete, tinakanikiza kabatani, tinakoka, koma ndodo inangoti nji! Monga inalili, munthu akanafufuza nayo chogwada.

Tivomere kuti mtima unatentha. Tinatenga pulayala ndi nyundo, poganiza kuti ikathyoka tidzalumikiza ndi paipi iliyonse. Mayi a kunyumba ndiwo anatigwira dzanja, nati, "Bambo, chinthuchi n'chamwini. Mudzamuuza chiyani mwana wa eni?" Tinaika nyundo pansi mwamanyazi, pakuti tinali kudziŵa bwino kuti paipi yakunsi siipangidwa ndi chitsulo, kuopa kuti makina angamamve mwendo wawo womwe. Vuto limeneli n'lakale. M'chaka cha 1881, Alexander Graham Bell anayesa kufufuza chipolopolo m'thupi la James Garfield, Pulezidenti wa America, ndi makina a mtundu umenewu, ndipo masipuling'i a bedi anasokoneza ntchitoyo.

Usiku umenewo ganizo lina linatifikira, limene sitikondwa kulitchula. Makina akakanika, mlandu udzaweruzidwa ndi pakamwa, ndipo pakamwa pa mphunzitsi amene alinso mkulu wa mpingo pamalemera kuposa pa mayi wamasiye. Kunali kwapafupi kunena kuti makina afa. Sitinagone bwino.

M'maŵa tisanaloŵe m'kalasi tinapita nawo kwa bambo wokonza njinga pamsika, munthu wozoloŵera kuzula zishalo zokanirira. Atayang'ana anaseka, nati, "Aphunzitsi, pulayala akanaphwanya paipiyi. Aluminiyamu ndi wopyapyala. Akangophwanyika pang'ono, yam'kati siitulukanso mpaka kalekale." Anatisonyeza ufa woyera m'mphepete mwa mphete. Mnyamata uja anafupikitsa ndodo ili yonyoŵa ndi matope a m'dambo. Mchenga unaloŵa pakati pa mapaipi, matope anauma, ndipo chinyezi cha miyezi 4 chinadya aluminiyamu n'kupanga ufa umene unamata zonse.

Titaŵeruka tinayamba ntchito aŵiri. Choyamba tinachotsa mabatire, kabokosi ndi waya, chifukwa kabokosi ka makina athu sikagwirizana ndi madzi. Mphete tinazimasula kotheratu ndi kuzitsuka ndi mswachi wakale. Kenaka tinaviika polumikizana m'madzi ofunda a sopo kwa ola lathunthu, tikugogoda pang'onopang'ono ndi mpini wa mthiko kuti matope asweke. Pogwira tinakulunga malegeni a chubu cha njinga, amene amagwira zolimba osaphwanya paipi. Iye anagwira uku, ife uko, kabatani titakakanikiza, ndipo tinali kupotoza kumanja ndi kumanzere, osati kukoka kokha. Paipi yakunsi inayamba kulira mchenga, kenaka inasololoka.

Yapamwamba inalimbabe, pakuti pamenepo aluminiyamu anagwirana ndi aluminiyamu mnzake. Apa tinakumbukira phunziro limene timaphunzitsa ana chaka ndi chaka, lakuti chitsulo chikatenthedwa chimafutukuka. Tinakulunga nsalu ya madzi ozizira pa paipi yam'kati, ndipo yakunja tinaithira madzi otentha a m'ketulo. Moto sitinayandikize, kuopa kusungunula mphete zapulasitiki. Kaŵiri sinagwedezeke. Kachitatu inatembenuka pang'ono, ndipo dzuŵa likuloŵa inatuluka. Mchenga wonse umene unatisautsa masiku aŵiri sukanadzaza supuni yaing'ono. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinafuna kupaka girizi, koma mnzathuyo anakana, nati mafuta amakoka fumbi ndipo vuto limabwerera lokulirapo. Mapaipi amafuna kutsukidwa ndi madzi oyera, kupukutidwa, ndi kuumitsidwa asanaloŵetsedwenso.

Loŵeruka anthu anasonkhana pabwalo. Makina analira kangapo pa zitini ndi misomali, ana naseka. Kenaka analira mwamphamvu pafupi ndi golo, ndipo khasu linagunda chikhomo chadzimbiri pakuya kwa chikhatho chimodzi. Chachiŵiri chinapezeka kumunsi. Chingwe chitakokedwa pakati pa ziŵirizo, aliyense anaona kuti sukulu ndiyo inaloŵa m'munda ndi mizere 6. Tinaimirira pamaso pa amfumu ndi pamaso pa ana athu a sukulu, tinapepesa kwa mayiwo, ndipo Lolemba tinasuntha golo.

Makinawo tsopano ali pamwamba pa kabati, mapaipi atatu atagona padera, akudikira mwini wake. Tamlembera kalata yomuuza zonse, ngakhale za nyundo ija, ndipo tamupempha kuti akadzabweranso kuchokera kudambo, ayambe watsuka ndodo asanaiike m'thumba.