Bwalo la Maina Atatu pa Chichiri

Munthu wa kuno ku Likangala, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akafuna kukaona bwalo lalikulu la mpira la m'chigawo chathu cha Kumwera, ayenera kulaŵira m'mamaŵa. Ayambe wakwera ku Zomba kumene mtsinje wathu uchokera, ndipo atsate msewu wa ku Thondwe, Namadzi ndi Njuli kufikira ku Limbe, mtunda wa makilomita oposa 60. Pakati pa Limbe ndi Blantyre, pamalo otchedwa Chichiri, ndi pamene paima makwerero aatali a simenti aja, amene ambiri a ife tinayamba kuwadziŵa ndi makutu, pa wailesi ya MBC, tisanawaone ndi maso.

Bwaloli linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, dziko lino likadali Nyasaland. Dzina lake loyamba linali la William Rangeley, bwanamkubwa wa chigawo cha Kumwera, Mzungu amene analembanso zambiri za mbiri ndi miyambo ya Ayao ndi Acheŵa. Ndi pamenepa pamene, pakati pa usiku wakuchera pa 6 July 1964, mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo ya Malaŵi inakwezedwa, Prince Philip ali pomwepo. Pambuyo pake boma la Dr. Kamuzu Banda linalikuza bwalolo ndi kulitcha Kamuzu Stadium. Mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi linasanduka Chichiri Stadium, ndipo mu 2004 a Bingu wa Mutharika anabwezera dzina la Kamuzu. Kusintha dzina sikuvuta: chitini chimodzi cha penti chikwanira.

Inu achinyamata musaganize kuti pamalopo panali pa mpira wokha. Chaka ndi chaka pa chikondwerero cha ufulu pankaguba asilikali, apolisi ndi a Young Pioneers; amayi ankavina, ndipo ana a sukulu ankaonetsa maseŵero olimbitsa thupi amene aphunzitsi anawaphunzitsa kwa milungu yambiri padzuŵa. Mu May 1989 Papa John Paul II anakumana ndi achinyamata pabwalo lomweli. Koma ulemerero wake waukulu ndi mpira ndithu. Pamenepa ndi pamene Kinnah Phiri ndi anzake ankagwetsa misozi alendo m'zaka zimene Malaŵi anatenga chikho cha maiko a kum'maŵa ndi pakati pa Africa, mu 1978 ndi 1979. Ndipo pa 14 June 2008 Chiukepo Msowoya anamwetsa chigoli chimodzi, nthaŵi itatha kale, chimene chinagonjetsa Egypt, akatswiri a Africa yense pa nthaŵiyo. Tsiku limenelo ngakhale asodzi a pa Kachulu anaiŵala kuŵerenga matemba awo.

Tsono simenti nayo ikalamba. Madzi a mvula akapeza kamng'alu aloŵa, nafika pa zitsulo zimene zili m'kati. Zitsulozo zichita dzimbiri, zitupa, ndi kung'amba simentiyo kuchokera m'kati. Ntchito imeneyi ichitika mwakachetechete, anthu zikwizikwi akudumpha pamwamba pake. Mu 2012 boma linatseka bwalo atapezeka kuti makwerero ena sanali olimba, ndipo pamene linatsegulidwanso, mbali zina zinakhala zotchinga kuti anthu asakwereko. Kapinga wochita kupanga, amene anayalidwa ndi chithandizo cha FIFA, nayenso anaperepeseka kufikira oseŵera anayamba kudandaula za maondo awo. Bwalo linatsekedwanso mu 2017, ndipo Bullets ndi Wanderers, eni mudzi, anasanduka alendo ku Nchalo ndi ku Balaka mpaka kapinga watsopano atayalidwa mu 2018.

Ife aphunzitsi nkhani yotere sitiidabwa. Chipinda chophunziriramo chimangidwa, akuluakulu abwera kudzadula kansalu, amayi alulutira. Zaka zitatu zikapita lata limodzi liyamba kupepheruka, ndipo ndalama ya misomali isanu isoŵa. Pa tsiku lotsegulira pakhala ng'oma ndi ojambula zithunzi. Pa tsiku lokhoma msomali palibe woombera m'manja. Chinadya bwalo la pa Chichiri si nkhondo kapena chivomezi ayi, koma ntchito zing'onozing'ono zimene zinadikira chaka cha maŵa.

Ena anati mankhwala ake ndi kumanga latsopano. Mu January 2017 ku Lilongwe kunatsegulidwa Bingu National Stadium, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, yoloŵa anthu oposa 40,000. Pa 6 July chaka chomwecho anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa poponderezana pa zipata zake. Makolo anzathu, mwana wanu akapempha kukaonera mpira pa tsiku loloŵa ulere, pakhale wamkulu womugwira dzanja. Ndipo mu 2021, bwalo latsopanolo litakanidwa ndi oyendera mabwalo, la pa Chichiri osalitchula n'komwe, timu ya dziko lathu inakalandirira Mozambique ku Orlando Stadium, mu Johannesburg. Inapambana 1-0, koma pakhomo pa eni.

Pobwerera kwathu tidzeranso mu Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko kufikira 1975. Pamenepo panali bwalo la Community Centre, kwawo kwa Red Lions, timu ya asilikali a ku Cobbe Barracks. Silinali lokongola, koma mnyamata wa kuno ankatha kupalasa njinga Loŵeruka m'maŵa, kuonera matimu aakulu a dziko lino, ndi kubwerera dzuŵa likuloŵa. Mu 2017 ntchito inayamba yolisandutsa sitediyamu yamakono, ndipo tonse tinakondwa. Koma ntchitoyo inakoka zaka ndi zaka, kuima ndi kuyambanso, ndipo Red Lions inkakaseŵera kumaboma ena.

M'menemo ana athu ankamenya chikulunga chawo cha mapepala pa dambo, magolo ali a nsungwi, pabwalo limene dzinja lililonse lisanduka la achule ndi akakowa. Mwana amene anayamba Sitandade 1 chaka chimene amisiri analoŵa pa Community Centre, anafika Sitandade 6 amisiriwo asanatulukemo.