Mzinda Umene Unamangidwa ndi Nkhosa

Stow-on-the-Wold ndi kamzinda ka anthu ngati 2,000, komangidwa pamwamba pa citunda m'dziko la mapiri la Cotswolds ku Mangalande. Munthu wocokera ku London akwera sitima natsikira pa Moreton-in-Marsh, ndipo makilomita 7 otsalawo amalizira pa basi, pakuti siteshoni ya Stow inatsekedwa mu 1962. Mapiri ake sali ngati a ku Chipata ai, ndi zitunda cabe zofunda msipu, koma mphepo ya pamenepo iluma koposa ya mwezi wa June kwathu. Ine ndinanyamula majekete awiri, ndipo onse anagwira nchito.

Cimene cidabwitsa mlendo poyamba ndi bwalo la pakati pa mzinda. Likula mosayenerana ndi nyumba zocepa zolizungulira, monga malaya a bambo pa thupi la mwana. Cifukwa cake n'cakuti bwaloli analikonzera nkhosa. Amonke a ku Evesham, amene anali eni malowo, anaona kuti pa citundaco pakumana miseu yambiri, umodzi mwa iyo Fosse Way umene unalambulidwa ndi Aroma, ndipo anadziwa kuti pokumana njira sipasowa msonkho. Mu 1107 Mfumu Henry I inawalola kucita msika Lacinai liri lonse. Mu 1476 Mfumu Edward IV inalola misika iwiri ikuluikulu pa caka, wa mu May ndi wa mu October. Mlembi Daniel Defoe, amene anayenda dziko lonselo zaka 300 zapitazo, analemba kuti pa msika umodzi wotere panagulitsidwa nkhosa 20,000.

Poyamba ciwerengero cimeneci cinandikanika kumeza. Nkhosa 20,000 munthu aziwerenga bwanji? Yankho ndinalipeza m'tinjira topanikiza timene tilowa m'bwalomo pakati pa nyumba, timene eni dziko aticha "tures". Ndinalowa m'kamodzi, ndipo nditatambasula manja ndinakhudza makoma onse awiri. Anthu a kumeneko anena kuti abusa anali kulowetsa zoweta m'menemo kuti zidutse imodzi-imodzi, munthu ataima kumapeto nawerenga. Inu amene muima pa cipata ca khola madzulo kuwerenga mbuzi mudziwa kale nzeru imeneyi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anamanga mzinda wathunthu mouganizira.

Cuma ceniceni cinali ubweya. Nkhosa za ku Cotswolds, za ubweya wautali wolendewera mpaka kumaso, zinachuka kwa oomba nsalu a ku Flanders ndi ku Italy, ndipo amalonda a ubweya analemera kwambiri. Ndalama zao zioneka lero m'nyumba za miyala yofiirira ngati uci, ndi m'chalichi ca St Edward, cimene khomo lake la kumpoto lagwidwa uku ndi uku ndi mitengo iwiri yakalekale. M'chalichi momwemo anatsekeramo asilikali a mfumu amene anagonja pa nkhondo ya paciweniweni pa 21 March 1646. Nkhani imeneyo alendo aikonda, koma ine mtima wanga unakodwa pena.

Ndinatsika ndi kanjira kochedwa Well Lane kufika pa kasupe, pamene pali mwimbi waukulu wa mwala umene usunga madzi kufikira lero. Mzinda wa pa citunda unalibe madzi pafupi. Kwa zaka mazana ambiri amai ndi ana anali kutsika pano ndi ndowa ziwiri zopacika ku mtengo wa paphewa, nakwera nazo citunda conse, ndipo amene sanafune kutsika anali kugula madzi kwa a ngolo. Mipope ya boma inafika mu 1937. Pobwerera ndinakwera manja lende, wopanda ndowa, komabe ndinafika pamwamba wefuwefu. Ndinadzifunsa kuti kodi m'zaka zonse zimene ubweya unali kumanga nsanja ya chalichi, mkazi wa mbusa anaonapo ciani pa cuma cimeneco? Maina a olemera analembedwa pa miyala ya manda, koma dzina la wotunga madzi sindinalione.

Lero m'bwalo lija mwadzaza magalimoto. Masitolo agulitsa mipando yakale, zithunzi ndi tiyi kwa alendo odzaona malo, ndipo alimi abwera ndi timatebulo ta mkaka, nyama ndi ndiwo masiku owerengeka cabe. Nsalu za m'mafakitale zinagwetsa mtengo wa ubweya, kotero kuti mu 2020 alimi ambiri a ku Britain analandira ndalama zosakwanira ngakhale kulipira wometa nkhosa. Mtundu uja wa nkhosa za ubweya wautali unatsala pang'ono kutheratu, ndipo usungidwa ndi alimi ocepa okonda mbiri yao.

Mai wina amene anandipatsa tiyi anandiuza kuti anabadwira pafupi pomwepo, koma agona kutali nabwera ku nchito pa basi. Nyumba zambiri, anatero, zigulidwa ndi olemera a m'mizinda ikuluikulu amene agonamo Loweruka ndi Lamulungu pokha, ndipo mitengo yake mwana wa mlimi sangaiyandikire. Ananena izi mosakwiya, akupukuta tebulo. Madzulo ndinayendanso m'tinjira tija, ndipo ndithu mazenera ambiri anali a mdima.

Misika iwiri ya 1476 ija ikalipo, koma inasintha nkhope. Kawiri pa caka, mu May ndi mu October, anthu oyendayenda ochedwa Gypsies ndi Travellers asonkhana ndi akavalo ao m'munda kunja kwa mzinda, nagulana pamaso pa onse mwa kuombana m'manja. Pa masiku amenewo eni masitolo ena m'bwalo lija atseka zitseko zao nadikira kuti msika upite.