Masiku Atatu pa Cisumbu ca Domwe

Ife a m'cigwa ca Luangwa tinazolowera kuona alendo akutsika ndege pa Mfuwe, zikwama zili kumsana, kudzagona m'matenti ndi kuyenda pansi m'thengo. Alendo otere anayamba kufika kale, kucokera mu 1950 pamene Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule malo oonerako nyama. Koma kwa ife a kwa Mnkhanya kugona panja ndi nchito yowawa. Cimanga cikangomasula timasamukira m'misasa ya kumunda mpaka tsiku lokolola, makutu ali cheru kumvetsera njobvu. Motero ana athu atasonkha ndalama mu 2023 kuti tikapumuleko kunyanja ya Malawi pokumbukira zaka 30 za ukwati wathu, abale anaseka nati, "Mulipire ndalama kuti mukagone pansi?"

Tinanyamuka titasenza nkhani yolemera kuposa katundu wathu. M'mwezi wa Epulo caka comweco njobvu zinalowa m'munda mwathu, ndipo usiku umodzi wokha zinatha cimanga cimene tinacibvutikira dzinja lonse. Mwana wathu woyamba, amene agwira nchito ku Chipata, anatipempha kuti tisiye munda tikakhale naye. Amai a m'nyumba anabvomera pomwepo, atate anakanitsitsa. Nkhaniyo inkabuka pa cakudya ciliconse, mpaka tinaleka kuichula. M'nyumba munalibe ndeu, koma tinafika pomangouzana za mcere, sopo ndi mbuzi.

Tinayenda mu Sepitembala, mphepo ya mwera itayamba kucepa. Tinadutsa pa Mwami, pa cipata catsopano ca malire cimene cinatsegulidwa mu Disembala 2022, n'kupitirira ku Mchinji, Lilongwe ndi Monkey Bay, mpaka tinafika pamudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Gombe lonse linali mathandala a usipa. Mudziwu uli mkati mwa Lake Malawi National Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 kuti ateteze nsomba, makamaka timbuna ta mawangamawanga timene timakhala m'miyala. Bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa cuma ca dziko lonse mu 1984. Asodzi saloledwa kuponya ukonde pamtunda wosafika mamita 100 kucokera kugombe la malo otetezedwa. Titamva izi tinayang'anana: anzathuwa akhala ndi nsomba zao monga ife tikhalira ndi njobvu zathu, cuma ciri pakhomo koma cili ndi malamulo ace.

Madzulo tinakaona manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pamalopo mu 1875. Anabwera ndi sitima yochedwa Ilala, dzina la dera la kwathu ku Zambia, kwa Chitambo, kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Malungo anawatha mmodzimmodzi, ndipo mu 1881 otsalawo anasamukira ku Bandawe. Amai anaima pamandapo nati, "Mwaona, atate a ana? Ngakhale amishoni anadziwa nthawi yosamuka." Atate anayankha kuti, "Inde, koma agona apawa sanapite nao." Tinaseka tonse awiri, ndipo kanali koyamba kuseka pa nkhani imeneyi.

M'mawa mwace boti la injini linatiolotsera ku Domwe. Cisumbuci casiyana ndi mtunda pa kampata kakang'ono ka madzi kochedwa Ilala Gap, komabe munthu ukatsikapo umadziwa kuti wacoka pakati pa anthu. Palibe mudzi, palibe sitolo, palibe cigayo. Pali matanthwe akuluakulu osanjikizana, mitengo yomera m'ming'alu, ng'azi zoothera dzuwa, ndi nkhwazi zolira mosalekeza. Tinali titanyamula ufa, usipa, matimati ndi mcere. Pakuti panalibe mwana woti timtume, atate anatunga madzi natsuka miphika, amai akubvundula nsima. Usiku nyale za asodzi zinandandalika panyanja ngati mudzi woyandama.

Usiku woyamba atate ankadzidzimuka pa kaphokoso kalikonse, dzanja likufufuza toci. Pakati pa usiku amai anawagwira paphewa nati, "Gonani, kuno njobvu sifika." Anagonadi mpaka dzuwa linalowa m'tenti. Amai anakhala tsonga kuwayang'ana, cifukwa anali ataiwala nkhope ya amuna ao ali m'tulo teniteni.

Tsiku laciwiri tinakwera phiri la pacisumbupo. Kanjira kace n'kothina ndiponso kotsetsereka. Pena umakwawa, pena umagwira muzu kuti udzikoke. Sitikanatha kuyenda mogundizana mapewa. Pokwera thanthwe atate ankatsogola n'kutambasula dzanja, ndipo pamene bondo lao linayamba kuwawa amai anatenga cikwama ca madzi natsogola iwo. Pakati pa phiri tinakhala pamthunzi, mpweya uli wefuwefu. Pamenepo panalibe mlendo wogogoda, kapena nkhuku yoti tiipirikitse, kapena ciliconse cothawirako. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amai ndiwo anayamba. "Atate a ana, inu muyesa kuti ndikhumbira magetsi a ku Chipata. Mukatuluka usiku ndi toci ndi cibekete kukapirikitsa njobvu, ine sindigona. Ndimawerenga amai a m'dera lathu amene anaferedwa motero. Cimanga tingagule, koma inu ndikakugulani kuti?"

Atate anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Amai a ana, munda uja ndi wa amai anu, ndipo manda ao ali pomwepo. Ine ndinangobwera kudzakwatira. Ndinakuonani pamene tinakaceza m'tauni sabata ziwiri zija: munkakhala pakhonde ngati mbalame ya m'cikwere. Ndimakana kusamuka kuti inu musafote."

Miyezi isanu tinali kukokana, aliyense akumenyera nkhondo mnzace. Mau amenewa anali m'mitima mwathu nthawi yonseyo, koma kunyumba sanapeze mpata wotulukira.

Titafika pamwamba tinaona mudzi wa Chembe uli kang'onong'ono, zisumbu za Thumbi ndi Mumbo, ndi madzi opanda malire. Pomwepo tinamanga mfundo zitatu. Yoyamba, tikhalabe kwa Mnkhanya pamene miyendo ikali kutinyamula. Yaciwiri, munda wakutali wa kumtsinje tiusiya, tizilima pafupi ndi mudzi, titauchinga ndi zingwe zopakidwa tsabola wosakaniza ndi oilo yakutha, ndi kufukiza njerwa za tsabola ndi ndowe za njobvu monga acitira anzathu ambiri m'cigwa muno. Yacitatu, atate sadzatulukanso okha usiku. Kulonda kudzakhala kosinthana ndi anansi. Tinagwirizananso kuti caka ciliconse tikakolola tizibwereza nkhaniyi, ndipo tsiku limene mmodzi wa ife adzati mphamvu zatha, tidzanyamuka tonse popanda kukangana. Tisanatsike tinagwada pathanthwe n'kupereka mfundozo m'manja mwa Mulungu amene anamva malumbiro athu mu 1993.

Mfundozi zinayesedwa msanga. Mu 2024 cilala cinakantha dziko lathu, ndipo kumapeto kwa Febuluwale boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Kamunda kathu kanapereka zocepa kwambiri, ndipo tinadalira ufa wocokera kwa ana. Komabe m'nyumba mwathu simunamveke mau akuti "ndinanena ine," pakuti cosankhaco cinali ca tonse awiri.

Kwa inu anzathu a m'banja, makamaka amene ana anakula nacoka, tikuti: sikofunika kuti muoloke nyanja. Cisumbu canu cingakhale phiri la kuseri kwa mudzi, kapena ulendo wapansi wopita kukaona mbale wodwala, malinga mukhale awiriwiri tsiku lathunthu, lamya itazimitsidwa. Mukatopa n'kukhala pansi, funsani mnzanu cimene akuopa, ndipo mudikire kufikira atamaliza kuyankha.