Njinga ya odwala idapita kuti?

Kumudzi kwathu njinga ya ambulansi kulibenso. Ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti kwa amfumu kunkasungidwa njinga yokoka kangolo ka matiresi.

Ine ndidakula nthawi ya kaliwondewonde. Wodwala wotha chuma cha pakhomo tinkamudziwa: amalume obwera kuchokera kutauni ataonda, mbuzi zikugulitsidwa imodzi-imodzi, lero kwa asing'anga, mawa kuchipatala cha mishoni. Mathero ake aliyense ankawadziwa.

Zaka zimene ndimazilakalaka ndi zotsatira 2004, boma litayamba kupereka ma ARV aulere. Amayi a gulu losamalira odwala kunyumba ankayenda khomo ndi khomo atavala zitenje zofanana, atanyamula sopo, magolovesi ndi ufa wa Likuni Phala. Ankadziwa amene ali chigonere, amene wadukiza mankhwala, amene alibe womutungira madzi. Mayi anga adali m'gululo, ndipo madzulo tikudya ankatchula odwalawo mayina ngati akuwerenga ana awo. Anyamata ankalandirana kupalasa njinga ija, ngakhale usiku. Anthu amene tidataya nawo kale mtima adadzuka, n'kugwiranso khasu. Kusalana kudalipo ndithu, njala ya 2005 idatikhaulitsa, komabe wodwala mmodzi ankasenzedwa ndi mudzi wonse.

Lero matenda odula ndi ena: shuga, BP, khansa, impso. Amene afika powonongeka impso ndi ochepa, koma mmodzi amatha ndalama zimene zikadachiza khamu la ana odwala malungo. Amafunika makina otsuka magazi kawiri kapena katatu pa sabata, mpaka kalekale. Makinawo amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Gulupu ku Blantyre, ndiye munthu amasamukira kutauni pamodzi ndi gadiyani wake. Ena, makamaka a khansa, akhala akudikira ulendo wa ku India. Akumudzi timangomva pa WhatsApp, kutumiza kangachepe pafoni, basi tazonda odwala.

Pachipatala cha boma makina salipiritsa. Koma lendi, thiransipoti, katapila, mwana wosiya sukulu, munda wogonera chifukwa gadiyani ali kutauni, zimenezi sizilembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Amayi a zitenje zofanana aja akadayambira pomwepo kufunsa.