Nsatsi Yalowa M'botolo

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tinkamuzindikira mwana wa kumudzi kwenikweni ndi fungo. Akadzola mafuta a nsatsi, kalasi yonse inkadziwa, ndipo ana a aphunzitsi ankagwira mphuno. Agogo anga ankayenga okha mafutawo. Nsatsi inkangomera yokha kudzala ndi m'mabwinja. Ankaikazinga m'phale, n'kuisinja mumtondo wakewake, pakuti njere zake ndi poizoni, kenako n'kuiwiritsa m'madzi mpaka mafuta ayandame, iwo n'kumawengula pang'onopang'ono. Ankadzoza makanda, kutikita mayi amene wangochira kumene, ndi kupaka m'ming'alu ya kumapazi mwera ukalusa mu June. Koma poti asing'anga nawo ankathira mafuta omwewa m'nsupa, anthu opemphera ankawayang'ana ndi diso lina.

Ulemu unali m'zogula. Vaseline, sopo wa Lifebuoy ndi Sunlight wa kampani ya Lever Brothers, ndiye kunali kutsogola. Amalume akabwera kuchokera kumigodi ya Theba ndi kabotolo ka pafyumu, mudzi wonse unkapeza chifukwa chodzawapatsira moni. Atsikana ena ankasaka Ambi kuti ayere nkhope, khosi n'kutsala lakuda. Agogo atamwalira, palibe mwa ife amene anafunsa za phale lija.

Lero mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa digiri yake, amakhalira kupanga sopo ndi zodzola ku Area 25 mu Lilongwe. Amasakaniza mafuta a mpendadzuwa ndi a kokonati ndi caustic soda, atavala magolovesi chifukwa mankhwalawo amawotcha, n'kuthiramo ufa wa chamwamba, wa nimu kapena wa makala. Sopoyo amamusiya pathandala milungu 4 mpaka 6 kuti akhwime. Phula la njuchi, lomwe ofula uchi ankataya, amapangira zopaka pamilomo. Njere za malambe, zija tinkalavula tikatha kumung'unya, zikufinyidwa mafuta odula kuposa ophikira. Nsatsi nayo ili pomwepo, m'kabotolo kakuda kokhala ndi dzina la Chingerezi, ndipo akuilimbirana amayi a m'maofesi ofuna tsitsi lawo lachibadwa likule. Alibe sitolo. Amaika chithunzi pa WhatsApp, ndalama imalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza n'kukapereka katundu.

Zimandisangalatsa, sindinama. Koma nditakhala naye pansi kuwerengera, ndinaona kuti chodula m'malonda ake si mafuta ayi. Ndi botolo, chizindikiro chomata, shea butter wochokera ku Ghana ndi timadzi tonunkhiritsa toitanitsa kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonsezi zinakwera nthawi yomweyo. Mayi wotola malambe ku Neno kapena ku Mangochi ndiye amauzidwabe kuti, “Mayi, tsitsaniko, izi n'zongotola.” Wogula yemweyo amene amanenerera ndowa ya malambe sanenerera botolo.

Vuto lina ndi la mawu akuti “zachilengedwe”, amene tsopano aliyense akungomata. Ena amagula mafuta oyeretsa khungu okhala ndi hydroquinone kapena masteroid, n'kusakaniza ndi kaufa ka chikasu, basi ati mankhwala a makolo. Khungu likayamba kupyapyala ndi kutuluka mizere, wogulitsa wasintha kale nambala. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo, koma opangira m'khitchini ambiri amaopa ndalama zoyezetsera, choncho woona mtima ndi wakuba amaoneka chimodzimodzi pafoni.

Inu ogula, musanatumize ndalama funsani zimene zathiridwamo, ndipo wogulitsa akayamba kuzungulira, musiyeni. Inunso opanga, lembani zonse pabotolo, ndipo mayi wokutolerani njere mum'patse mtengo woti chaka chamawa adzatolenso.