Licero la Pafoni

Kuluka licero ndi masamu. Kansungwi kamadutsa pamwamba pa tinzake tiwiri kapena titatu, kenako kamalowa pansi, ndipo maluwa onse amene timawaona amacokera pa kuwerenga kumeneko. Cithunzi ca pakompyuta naco ndi timabokosi tating'ono tondondozana. Ubale wake ndi wakale: ku Lyon, m'dziko la France, ca m'ma 1804, Joseph Marie Jacquard anapanga makina oluka nsalu oyendera makadi oboolaboola, ndipo nzeru ya makadiwo inadzagwira nchito m'makompyuta oyamba.

Ndimaphunzitsa zojambulajambula pasukulu ina ya sekondale muno m'Kabwe. Temu yatha ndinaonetsa ana anga a Giredi 10 nchito ya Women's History Museum of Zambia, imene Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe anayambitsa mu 2016. Iwo anagwirizana ndi nyumba zosungira zakale za ku Sweden kuti zinthu za makolo athu zimene zili kumeneko zizioneka pa intaneti. Ife a m'Kabwe nkhani yotere imatikhudza: cigaza cimene cinapezeka mumgodi wa Broken Hill mu 1921 cikali ku London mpaka lero.

Anawo anatengeka. Aliyense anajambula maluwa ake pafoni, kabokosi ndi kabokosi. Wina anajambula mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, wina njanji, wina dzina la cibwenzi cake (limenelo ndinalikana). Loweruka lina tinapita nazo ku Makululu kwa mdala wina wa ku Katete amene amaluka malicero.

Anagwira foni ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo, n'kuyamba kuwerenga ndi cikhadabo.

"Aphunzitsi, uyu mwana walumpha zisanu ndi ziwiri apa. Nsungwi ikalumpha conco imatukuka. Amayi ake akamapeta, gaga azitsalira momwemo."

"Nanga ticite bwanji, agogo?"

"Adule mtengowo panayi. Ukhalabe mtengo."

Foni inalola ciliconse, koma nsungwi inakana. Mtsikana wa mkuyu uja anakhala pansi pomwepo, miyendo ili tambalale, n'kukonza kanayi konse. Mkuyu umene unatuluka unali wa makonamakona, wosafanana kwenikweni ndi wa m'tauni, koma kwa ine unaposa woyamba uja kutali. Agogowo anauluka masiku atatu, nsungwi zina atazidetsa kuti mtengo uoneke.

Cimene cikundisowetsa tulo cinabwera pambuyo pake. Mtsikanayo anajambula licerolo, n'kuyeretsa cithunzi, n'kucidinditsa pa masikipa. Sikipa imodzi ikugulidwa mtengo woposa wa licero lenilenilo, ndipo kudinda kwake n'kwa mphindi zocepa. Sindikumuimba mlandu. Atate ake analeka nchito kalekale, ndipo m'tauni imene mgodi unatsekedwa mu 1994 mwana wodzipezera sopo sitimukalipira. Koma amene anadula mtengo uja panayi si iye.

Ndinamuuza kuti dzina la agogo liyenera kukhala pa sikipa, ndiponso kuti pa iliyonse imene wagulitsa aziwapatulira kangacepe. Za dzina anavomera msanga. Za ndalama anati akafunse kaye amayi ake.

Agogo nawo anali ndi maganizo awo. Nditawafotokozera, anaseka n'kunena kuti dzina pa malaya a munthu wina alibe nalo nchito. Cimene akufuna n'cakuti mtsikanayo azibwera Loweruka lililonse kudzaphunzira kung'amba nsungwi, cifukwa adzukulu awo onse anakana. Wapitako kawiri. Dzulo anabwera m'kalasi atamanga kansanza pa cala.