Uzikawerenga Mbiri za Malemu

Naphiri mwana wanga,

Mayi ako akulangiza kale za kupemphera, za majuzi, za anyamata a pakamwa pozuna ndi za kutumiza kangachepe kunyumba, ndiye ine sindibwereza. Langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti useka. Ukakafika ku Manchester, ukazolowere kuwerenga tsamba la nyuzipepala pamene amalembapo mbiri za anthu amene angomwalira kumene.

Inuyo ana mwakhala mukundinena kuti ndimakonda za maliro, poti wailesi ikayamba mauthenga achisoni ndimakutontholetsani. Amenewo ndimamvera kuti ndidziwe kokapepesa. Zimene ndikukuuzazi ndi zina. Azungu akumeneko ali ndi alembi amene ntchito yawo ndi kufufuza moyo wa munthu amene wapita n'kuulemba mokoma, osabisa ngakhale timakhalidwe take toseketsa. Magazini ya The Economist imasunga tsamba lakumapeto kuti likhale la munthu mmodzi, ndipo mayi wina dzina lake Ann Wroe wakhala akulemba pamenepo kuyambira 2003. The Guardian ili ndi kachigawo kotchedwa Other Lives, kamene achibale ndi abwenzi amalembamo okha za mphunzitsi wawo, mzamba, kapena mkulu wokonza mawotchi. Za nduna ndi akatswiri a mpira ungathe kudumpha, nkhani zawo udzazimva ngakhale utatseka makutu. Uziima pa dzina limene sunalimvepo.

Tenga Dashrath Manjhi wa m'mudzi wa Gehlaur, m'chigawo cha Bihar ku India. Anali waganyu, wopanda munda wakewake. Mkazi wake atavulala paphiri limene linatchinga mudziwo, anamwalira thandizo lisanapezeke, chifukwa njira ya kuchipatala inali yozungulira kwambiri. Bamboyo anatenga hamala ndi tchizulo n'kuyamba kuswa phirilo yekhayekha mu 1960. Anthu ankati mutu wazungulira. Anamaliza mu 1982, atang'amba mpata wotalika mamita 110, ndipo ulendo wa makilomita 55 unatsika kufika pa 15. Anamwalira mu 2007. Ine chimene chimandigwira mtima si tsiku limene anamaliza ayi, koma Lachiwiri lina la chaka chachisanu ndi chinayi, atadzuka msana ukuwawa, phiri likadali pomwepo, iye n'kunyamulabe hamala yake.

Kapena Stanislav Petrov, msilikali wa ku Russia. Usiku wa pa 26 September 1983 anali pa ntchito pafupi ndi Moscow pamene makompyuta anaonetsa kuti dziko la America laponya mizinga ya nyukiliya. Lamulo linali loti adziwitse akuluakulu kuti nkhondo yayamba. Iye anaganiza kuti munthu wofuna kukutha sangayambe ndi mizinga isanu yokha, ndiye anawauza kuti makina ndiwo alakwitsa. Zinalidi choncho: kunali kuwala kwa dzuwa pa mitambo. Sanamukweze pa udindo. Anamwalira mu May 2017, koma dziko linamva mu September, mnzake wa ku Germany atayimba foni kuti amufunire zabwino pa tsiku lake lobadwa.

Wina ndi gogo Marie Smith Jones wa ku Alaska, amene anamwalira mu 2008 ali ndi zaka 89. Ndiye anali womaliza mwa oyamwira chilankhulo cha Eyak. Ana anabereka asanu ndi anayi, koma sanawaphunzitse, poti nthawi imeneyo kulankhula chakwanu kunali kochititsa manyazi. Wamva, iwe wopita ku England?

Tsono yerekeza ndi kwathu kuno. Mwambo ukafika pa mbiri ya malemu, wachibale amaimirira ndi kapepala: anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa chaka chakuti, anamanga banja, adwala kwa nthawi yochepa, asiya ana asanu ndi mmodzi ndi zidzukulu khumi. Basi. Aliyense amene timaika m'manda anali wofatsa ndi wokonda kupemphera, mpaka umadabwa kuti nanga olongolola aja amakaikidwa kuti. Sindikunyoza mwambo wathu. Ifeyo timaposa azungu pa kulirana, palibe amene amagona pasiwa yekha. Koma mbiri yeniyeni ya munthu sitiinena masana.

Ukuwakumbukira a mlonda a pasukulu imene ndinkaphunzitsa, aja a chikhoti chachikulu ndi tochi yosayaka? Zaka zonsezo ndinkangowapatsa moni n'kudutsa. Atamwalira, mbiri yawo kumanda inatha tisanakhazikike n'komwe. Koma usiku wake, titazungulira moto panja, madala anzawo anayamba kutulutsa. Kani mkulu uja anapita ku Joni pa Wenela ali mnyamata, anagwira m'migodi ya golide, ndipo anabwerako Kamuzu ataletsa ulendowu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anyamata athu oposa 70. Kani ankaimba gitala ku komboni mpaka akapitawo kumamugulira mowa. Ndipo njinga ya Humber imene anabwera nayo ankagona nayo m'chipinda, mkazi wawo n'kumadandaula kwa ankhoswe kuti ali pa mitala. Tinaseka mpaka misozi, pamaliro pomwe. Zonsezo zinathera pamoto paja, palibe anazilemba. Ngakhale a Michael Sauka, amene anapeka nyimbo ya fuko imene unkaimba m'mawa uliwonse kusukulu, anamwalira mu 1990, koma tafunsa anzako ngati akulidziwa dzinalo.

Nchifukwa chake ndikuti uziwerenga. Choyamba n'chakuti zimakoma, ndipo munthu uli kwa eni, kunja kukuda 4 koloko masana, umafuna kokucheza nako. Komanso udzaona kuti ambiri mwa anthu amenewa moyo wawo sunayende monga anakonzera. Wina anachotsedwa sukulu, wina chimene tikumukumbukira nacho anachiyamba ali ndi imvi. Tsiku limene zako zidzakhote, usadzaganize kuti walodzedwa.

Ndipo ntchito yako ndi ya unamwino. Uzikasambitsa nkhalamba zimene ana awo sabwera kudzaziona, zina zolusa, zina zoiwala dzina lako tsiku lililonse. Ukazolowera masamba amenewa sudzatha kuona gogo wa pabedi lakumapeto ngati bedi chabe. Udzafuna kudziwa kuti manja akunjenjemerawo ankagwira ntchito yanji. Uziwafunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ena adzakuyankha patapita mwezi.

Usananyamuke, upite kumudzi ukagone masiku awiri kwa agogo ako. Usakangowasiyira shuga ndi sopo n'kuthamangira minibasi. Ukawafunse za njala ya 1949, zimene ankadya, ndiponso mmene anakumanirana ndi agogo ako aamuna, chifukwa nkhani imene amatiuza ifeyo ndikuikayikira. Ukawajambule mawu pafoni yakoyo. Ndipo uko ukapeza mbiri yokoma, uzindijambulira tsambalo n'kunditumizira pa WhatsApp ya mayi ako, yangayi yadzaza.

Ndine bambo ako.